Mayi asachire yekha: malo a doula ndi mperekezi m'zipatala za m'chigawo chino

LILONGWE – M'zaka makumi atatu zapitazi maiko a kummwera ndi pakati pa Africa asamutsa uchembere kuuchotsa m'nyumba za kumudzi n'kupita nawo kuchipatala. Ku Malawi, kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, pamene m'chaka cha 1992 anali 55 okha. Ku Zambia kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2018 anapeza ana 84 mwa 100. Imfa za amayi nazo zatsika: ku Malawi zinachoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pochepera 500 mu 2015-16.

Komabe pa msamuko umenewu pali munthu mmodzi amene anatsala panja. Ameneyu ndi mayi wachikulire, kaya ndi mayi ake a woyembekezera, azakhali, apongozi kapena mkulu wake, amene kale ankakhala pambali pa mwana wake kuyambira pamene matenda ayamba mpaka potuluka m'chikuta. Lero mayi ameneyu amaperekeza mnzake mtunda wonse, atasenza beseni, zitenje ndi nkhuni, koma m'zipatala zambiri za boma ulendo wake umathera pakhomo la chipinda chochilira. Kuchokera pamenepo woyembekezera uja amalowa yekha.

Maiko olemera, amene anayamba kale kutsekera achibale panja, anadzazindikira kuti ataya chinthu chofunika, ndipo anachibwezeretsa pochipatsa dzina lakuti doula. Funso limene maunduna a zaumoyo m'chigawo chino akuyenera kuyankha ndi lakuti: kodi ntchito imeneyi tiigule kunja monga ntchito yatsopano yolipidwa, kapena titsegulire chitseko munthu amene ali kale pakhonde?

Kodi doula ndani?

Mawu akuti doula ndi a Chigiriki ndipo kalelo ankatanthauza mdzakazi. Amene anawabweretsa pa nkhani za uchembere ndi Dana Raphael, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, yemwe m'buku lake la mu 1973 lonena za kuyamwitsa anawagwiritsa ntchito pofotokoza za mayi wodziwa zinthu amene amasamalira mnzake wongochira kumene. Masiku ano doula ndi munthu, kawirikawiri wamkazi, amene waphunzitsidwa kukhala ndi mayi woyembekezera pa nthawi ya pakati, pa nthawi yochira, ndiponso masabata oyambirira mwana atabadwa.

Doula si namwino ndipo si mzamba. Sayeza njira ya mwana, samvetsera kugunda kwa mtima wa khanda, sapereka mankhwala, sadula mchombo ndipo salamula zoti zichitike. Ntchito yake ndi kusachoka. Amasisita msana, amapukuta thukuta, amapereka madzi akumwa, amathandiza mayi kuyendayenda kapena kusintha kagonedwe, amamukumbutsa kapumidwe, amamulimbikitsa, amamufotokozera m'mawu osavuta zimene achipatala anena, ndipo akaona kuti zinthu zasintha amathamangira kukaitana namwino. Namwino amasinthana ndi anzake nthawi yake ikakwana ndipo amagawa maso ake kwa amayi angapo, pamene doula amayang'ana mayi mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Bungwe loyamba lalikulu lophunzitsa ndi kupereka ziphaso kwa anthu otere, la DONA, linakhazikitsidwa ku America mu 1992. Mwa amene analiyambitsa munali madokotala awiri a ana, Marshall Klaus ndi John Kennell, omwe kafukufuku wawo ndiye anachititsa kuti achipatala ayambe kuiona nkhaniyi ngati ya zaumoyo, osati ya chifundo chabe.

Zimene kafukufuku anapeza

Madokotala awiriwa ndi anzawo anachita kafukufuku wawo woyamba pa chipatala china chodzaza kwambiri mumzinda wa Guatemala, kumene lamulo linali lakuti mayi aliyense azichira wopanda wachibale. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1980, zinaonetsa kuti amayi a mimba yoyamba amene anapatsidwa mayi wamba woti akhale nawo anatenga pafupifupi maola 9 kuti achire, pamene amene anasiyidwa okha anatenga maola oposa 19. Amayi a m'kafukufukuyu anali ochepa, koma wina wamkulu amene anachitika mumzinda wa Houston ku America ndi kusindikizidwa mu 1991 anapeza kuti mwa amayi okhala ndi doula, 8 mwa 100 ndiwo anachira kudzera pa opaleshoni, poyerekeza ndi 18 mwa 100 mwa amene analibe.

Mu 2017 akatswiri a bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 26 wochokera m'maiko 17, wokhudza amayi oposa 15,000. Anapeza kuti mayi amene ali ndi munthu wokhala naye mosalekeza amachira msanga ndi mphindi pafupifupi 40, mpata woti achitidwe opaleshoni umatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, safuna kwambiri mankhwala oletsa ululu, ndipo sadandaula kwambiri za mmene anachilira. Ana obadwa ali ofooka analinso ochepa. Palibe choipa chilichonse chimene chinapezeka. Phindu pa nkhani ya opaleshoni linaoneka lalikulu pamene wothandizayo anali pa udindo wa doula, komanso m'zipatala zimene jakisoni wa pamsana woletsa ululu sapezeka wamba, monga momwe zilili m'zipatala zambiri za boma kuno.

Chifukwa chake n'chodziwika. Thupi la mayi limatulutsa timadzi ta oxytocin timene timachititsa chiberekero kukankha mwana. Munthu akagwidwa ndi mantha, thupi limatulutsa timadzi tina ta adrenaline timene tingathe kufooketsa kukankha kumeneku ndi kuchepetsa magazi opita kuchiberekero. Mtsikana wa zaka 17 amene wagonekedwa pabedi lachilendo usiku, pakati pa anthu osawadziwa, akumva kubuula kwa ena, ali ndi zifukwa zokwanira zochitira mantha. Dzanja la munthu amene amamukhulupirira limachepetsa manthawo, ndipo thupi limagwira ntchito yake. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti pa kafukufuku 26 uja, 13 anachitika m'maiko olemera ndipo 13 m'maiko a chuma chapakati. Panalibe ndi mmodzi yemwe wochokera m'dziko losaukitsitsa. Izi sizikuchotsa mphamvu ya umboniwo, koma zikutanthauza kuti maiko ngati Malawi ndi Mozambique ayenera kumadziyezera okha zotsatira pamene akukhazikitsa ndondomeko zotere.

Umboni wa m'chigawo chino

Umboni wina wofunika kwambiri unachokera konkuno. Mu 1991 dokotala Justus Hofmeyr ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa amayi 189 a mimba yoyamba pa chipatala cha Coronation ku Johannesburg, chimene tsopano chimatchedwa Rahima Moosa. Operekeza anali amayi wamba a m'dera lomwelo, osaphunzira za unamwino, amene anangopemphedwa kutonthoza, kulimbikitsa ndi kuyamikira. Kutalika kwa nthawi yochira sikunasinthe kwenikweni, koma patatha masabata asanu ndi limodzi, amayi 51 mwa 100 mwa amene anaperekezedwa ankayamwitsa mwakathithi, poyerekeza ndi 29 mwa 100 mwa enawo. Amayi operekezedwawo anaonetsanso zizindikiro zochepa za matenda a nkhawa amene amagwira amayi ena akangochira.

Ku Botswana, kafukufuku amene Banyana Madi ndi anzake anasindikiza mu 1999 anayesa njira imene ikufanana kwambiri ndi chikhalidwe chathu. Mwa amayi 109 a mimba yoyamba, theka analoledwa kulowa ndi wachibale wamkazi. Amayi 91 mwa 100 mwa operekezedwa anachira bwinobwino popanda zida kapena opaleshoni, poyerekeza ndi 71 mwa 100 mwa amene anali okha. Opaleshoni inatsika kuchoka pa 13 kufika pa 6 mwa 100. Achibale amenewa analibe chiphaso chilichonse ndipo sanalipidwe.

Ku Malawi, kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti amayi ochuluka ankafuna kukhala ndi mperekezi pochira, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito m'chipatala anaona kuti n'chinthu chothandiza. Choncho umboni wakhalapo kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2018 okhudza chisamaliro cha pochira, linanena mosapita m'mbali kuti mayi aliyense aloledwe kukhala ndi mperekezi amene wadzisankhira yekha.

Mmene mperekezi anatsalira panja

Pakati pa Achewa ndi mitundu ina yoyandikana nawo, mtsikana wa mimba yachisamba sankasiyidwa kuti adzionere yekha. Anamkungwi ankamulangiza za zimene adzakumane nazo, azamba ndi amayi achikulire a kuchimuna ndi kuchikazi ankakhala naye pochira, ndipo m'chikuta ankamuphikira, kumusambitsa ndi kumuphunzitsa kagwiridwe ka mwana. M'nyumba imeneyo munali ntchito ziwiri zosiyana ngakhale kuti nthawi zina ankazigwira ndi munthu mmodzi: ntchito yochiritsa ndi ntchito yotonthoza.

Ntchito yochiritsa ndi imene inkapha anthu zinthu zikavuta. Mzamba wakumudzi analibe magazi oti apatse mayi amene akutaya magazi, analibe mankhwala oletsa kukomoka, ndipo sakanatha kuchita opaleshoni mwana akapingasa. N'chifukwa chake boma la Malawi linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi mu 2007, ndipo la Zambia linasiya kuwaphunzitsa ndi kuwaletsanso ntchitoyi cha mu 2010. Mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, ananena mu 2010 kuti azambawa ndi ofunika kuwaphunzitsa m'malo mowaletsa, koma ndondomeko yokankhira amayi kuchipatala inapitirira. Mu 2012 Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino imene inadalira kwambiri mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Nyumba zodikirira zinamangidwa pafupi ndi zipatala, ndipo m'midzi yambiri mafumu anaika chindapusa kwa banja limene mayi wachilira pakhomo.

Ndondomekozi zinakwaniritsa cholinga chake chodzaza zipatala. Koma kafukufuku wa akatswiri a zachuma Susan Godlonton ndi Edward Okeke wa mu 2016 anaonetsa kuti ngakhale chiletso cha mu 2007 chinachepetsa kwambiri amayi opita kwa azamba akumudzi, imfa za makanda sizinatsike kwenikweni, kupatula pakati pa amayi amene anali pafupi ndi zipatala zokhala ndi chisamaliro chabwino. Phunziro lake n'lakuti kufika kuchipatala pakokha sikokwanira. Chofunika ndi zimene mayi akakumane nazo akalowa. Ndipo polanda azamba ntchito yochiritsa, maboma anataya pamodzi ndi ntchito yotonthoza ija, imene inalibe mlandu uliwonse.

Chifukwa chake chitseko chidakali chotseka

Anamwino amene amakana achibale ali ndi zifukwa zimene siziyenera kunyozedwa. Choyamba ndi malo. Zipinda zambiri zochilira zinamangidwa ngati holo imodzi ya mabedi angapo, ndipo kwina kulibe ngakhale makatani. Kulowetsa mperekezi wa mayi mmodzi ndiye kuti akaona umaliseche wa amayi ena onse. Vutoli limakula pamene mayi wasankha mwamuna wake, chinthu chimene chikuchuluka m'mizinda koma chimene amayi ambiri akumudzi sachifuna, kaya kwa iwo eni kaya pabedi loyandikana nalo.

Chachiwiri ndi kukayikirana. Ku Malawi anamwino amadziwa bwino za mankhwala azitsamba otchedwa mwanamphepo, amene achibale ena amamwetsa mayi mobisa kuti achire msanga, ndipo achipatala amaopa kuti angathe kukankhitsa chiberekero mopyola muyeso mpaka kuchiphulitsa. Palinso chikhulupiriro chofala m'madera ambiri a Malawi ndi Zambia chakuti kuchedwa kuchira ndi chizindikiro chakuti mayi kapena mwamuna wake anayenda njira zachisembwere, kotero kuti achikulire ena amaumiriza mayi kuti aulule pamene iye akufunika thandizo lachangu. Ena amauza mayi kukankha nthawi isanakwane, kapenanso kumukanikiza pamimba. Mperekezi wosaphunzitsidwa angathe kukhala katundu wina kwa namwino wotopa kale.

Chachitatu sichinenedwa poyera. Mperekezi ndi mboni. Mu 2011 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za amayi a m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa amene ankatukwanidwa, kutsinidwa, kumenyedwa ndi kusiyidwa okha kwa maola ambiri m'zipatala za boma. Mu 2014 bungwe la WHO linatulutsa chikalata chodzudzula nkhanza ndi kusalemekeza amayi pochira, ndipo kafukufuku amene bungweli linatsogolera ku Ghana, Guinea, Nigeria ndi Myanmar anapeza mu 2019 kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse, ndi kupitirira, anachitidwa nkhanza ya mtundu wina. Pamene pali munthu wachitatu woyang'ana, mawu ndi manja a ogwira ntchito amafewa. Ogwira ntchito ena amaona zimenezi ngati kuwalonda, makamaka pamene akudziwa kuti akaimbidwa mlandu pa kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo kumene sikuli m'manja mwawo.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa mmene ufulu umenewu ulili wosalimba. Mu 2020 zipatala zambiri m'chigawo chino ndi kunja komwe zinatseka zitseko kwa achibale onse, ngakhale kuti bungwe la WHO linkanena kuti mayi aliyense, ngakhale amene ali ndi matendawa, ali ndi ufulu wokhala ndi mperekezi. Chinthu chimene chimaonedwa ngati chisomo chimayamba kuchotsedwa mavuto akafika.

Kumene zinatheka ndi kumene zinakanika

Ku South Africa, akatswiri anayesa kulimbikitsa uperekezi m'zipatala khumi za boma pogwiritsa ntchito maphunziro, timabuku ndi makanema. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2007 zinali zokhumudwitsa: amayi ambiri anapitirirabe kuchira okha, ndipo zipatala zimene zinalandira maphunzirowo sizinasiyane kwenikweni ndi zinazo. Kuuza ogwira ntchito kuti chinthu n'chabwino sikusintha kamangidwe ka chipinda kapena chiwerengero cha anamwino usiku.

Ku Tanzania anatsata njira ina. M'chigawo cha Kigoma, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, bungwe la Thamini Uhai mogwirizana ndi boma linayesa ndondomeko ya aperekezi m'zipatala zisanu ndi zinayi m'zaka za 2017 ndi 2018. Anayamba ndi kukonza zipinda zochilira pozigawa kuti mayi aliyense akhale ndi malo ake. Analemba malamulo ofotokoza zimene mperekezi angachite ndi zimene sayenera kuchita, mothandizana ndi anamwino komanso anthu a m'midzi. Mayi ankasankha mperekezi wake adakali kusikelo kuti aphunzitsidwe, ndipo kwa amene afika okha panali aperekezi ophunzitsidwa okhala pachipatala pomwepo. Amayi oposa 80 mwa 100 amene anachilira m'zipatalazi anali ndi mperekezi, ndipo anamwino ambiri ananena kuti ntchito yawo inapepuka chifukwa panali wowadziwitsa zinthu zikasintha.

Ku Mozambique, unduna wa zaumoyo unakhazikitsa mu 2009 ndondomeko ya zipatala za amayi zachitsanzo yotchedwa Iniciativa Maternidade Modelo, imene mwa zina inalimbikitsa kuti mayi akhale ndi mperekezi, asankhe yekha kakhalidwe pochira, ndiponso agoneke mwana pachifuwa akangobadwa. Ku Zambia magulu a uchembere wabwino a m'midzi otchedwa SMAG, amene anayamba mu 2003 ndipo ena mwa mamembala ake ndi azamba akale, amaperekeza kale amayi kuchipatala. Dziko la Brazil linafika poika nkhaniyi m'malamulo mu 2005, kulamula zipatala za boma kulola mperekezi amene mayi wasankha. Zitsanzo zonsezi zikuonetsa kuti lamulo, makatani ndi maphunziro ziyenera kuyendera limodzi.

Doula wolipidwa kapena wachibale wophunzitsidwa?

M'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town, ntchito ya doula wolipidwa inakhazikika kale, ndipo pali mabungwe ophunzitsa ndi kulembetsa anthu otere. Ofuna thandizoli ambiri ndi amayi opeza bwino amene amachilira m'zipatala zolipira, kumene amayi oposa 7 mwa 10 alionse amachira kudzera pa opaleshoni, ndipo ena amalemba doula pofuna kupewa opaleshoni yosafunikira. Amayi a m'chigawo chino amene akukhala ku Britain kapena ku South Africa, kutali ndi amayi awo ndi azakhali awo, nawonso ali ndi chifukwa chomveka chofunira munthu wotere. Palibe cholakwika ndi ntchito imeneyi.

Koma ngati doula akhala wa okhawo amene angathe kulipira, ndiye kuti thandizoli lipita kwa amene ali kale ndi chipinda chawochawo ndi dokotala wawowawo, pamene mtsikana wa kumudzi amene akulisowa kwambiri akhalabe yekha. Ku America komwe anazindikira zimenezi. M'dziko limene amayi akuda amamwalira pa uchembere pafupifupi katatu kuposa azungu, zigawo za Oregon ndi Minnesota zinayamba cha mu 2014 kulipira adoula kudzera m'thumba la boma la chithandizo cha anthu osauka la Medicaid, ndipo zigawo zina zambiri zatsatira. Maboma a kuno, amene akulephera kulemba ntchito anamwino amene anamaliza kale maphunziro, sangathe kutsata njira imeneyo posachedwa.

Chimene maiko athu ali nacho, chimene America alibe, ndi odwazika matenda. Pachipatala chilichonse cha boma ku Malawi pali amayi amene amagona m'khonde kapena m'nyumba ya odwazika, kuphikira wodwala wawo ndi kumuchapira. Abwera okha, adzilipirira okha ulendo, ndipo woyembekezera amawakhulupirira kale. Kafukufuku wa ku Botswana anaonetsa kuti wachibale wotere amathandiza, ndipo wa Cochrane akusonyeza kuti maphunziro amaonjezera phindu. Nzeru yake ndi kuphatikiza ziwirizi: kutenga zimene doula amaphunzitsidwa n'kuzipereka kwa wachibale, komanso kukhala ndi aperekezi ochepa ophunzitsidwa bwino pachipatala chilichonse othandiza amene alibe wowaperekeza. Azamba akale amene analandidwa ntchito angathe kuyenera udindo wachiwiriwu, malinga malire ake alembedwe momveka.

Maphunziro ake si a zaka. Mayi atapita ndi mperekezi wake kusikelo maulendo awiri kapena atatu omaliza, namwino angathe kumuphunzitsa kasisitidwe ka msana, kufunika kwa madzi ndi phala, ubwino woyendayenda, ndi zinthu zoletsedwa: mankhwala azitsamba, kukanikiza mimba, kukalipa ndi kuumiriza mayi kuulula. Angamuphunzitsenso zizindikiro zoopsa zimene ayenera kuitanira thandizo nthawi yomweyo, monga kutaya magazi, mutu waukulu, kusaona bwino, kukomoka ndi kutentha thupi. Izi n'zofunika kwambiri pa tsiku loyamba mwana atabadwa, pamene amayi ambiri amamwalira chifukwa chotaya magazi, nthawi zina ali chigonere pabedi popanda woona kuti chitenje chanyowa.

Malire ake

Pali ngozi imodzi imene olimbikitsa ndondomekoyi ayenera kuisamala. Lipoti la mu 2021 la mmene uzamba ulili pa dziko lonse linati dziko lapansi likuperewera azamba ophunzira pafupifupi 900,000, ndipo kuperewera kwakukulu kuli mu Africa. Mu 2025 dziko la America linadula thandizo lake lalikulu la zaumoyo ndi kutseka bungwe la USAID, limene linkathandiza ntchito za uchembere m'maiko ambiri a m'chigawo chino. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho mabungwe a United Nations analengeza kuti amayi pafupifupi 260,000 anamwalira pa zifukwa za uchembere mu 2023, ndipo 7 mwa 10 alionse anali a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mabungwewo anachenjeza kuti kudulidwa kwa thandizo kungabwezere m'mbuyo zimene zapindulidwa.

Pa nthawi yotere n'kosavuta kuti akuluakulu a zaumoyo aone mperekezi ngati wantchito waulere. Kale achibale amatumidwa kutunga madzi, kukolopa ndi kukagula magolovesi kapena mankhwala amene chipatala chilibe. Ngati adzayambenso kusiyiridwa mayi kuti amuyang'anire chifukwa namwino mmodzi ali ndi amayi asanu, ndiye kuti tabwezeretsa uzamba wakumudzi mkati mwa chipatala. Mperekezi saletsa magazi kutuluka, satsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo sayendetsa ambulasi. Phindu lake limaoneka pamene akaitana, pali woyankha amene ali ndi mankhwala m'manja.

Malire ena ndi a mayi mwini wake. Mawu a WHO ndi akuti mperekezi amene mayi wasankha. Pali amayi amene safuna apongozi awo m'chipindamo, pali amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo sanaulule kwa achibale, ndipo pali amene amachitidwa nkhanza ndi amuna awo. Namwino ayenera kufunsa mayi ali yekha, ndipo yankho lakuti safuna aliyense liyenera kulemekezedwa mofanana ndi lina lililonse.

Zimene zingachitike tsopano

Maiko onse a m'chigawo chino analonjeza pansi pa zolinga za chitukuko chokhazikika za United Nations kuthandiza kutsitsa imfa za amayi pa dziko lonse kufika pochepera 70 mwa ana 100,000 obadwa amoyo pofika 2030. Zambiri zofunika kuti zimenezi zitheke, monga nkhokwe za magazi, zipinda za opaleshoni, misewu ndi malipiro a anamwino, zimafuna ndalama zochuluka ndi zaka zambiri. Uperekezi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mtengo wake ndi wofikirika ngakhale pa bajeti yopanikizika.

Unduna uliwonse wa zaumoyo ungayambe ndi zinthu zinayi. Ulembe lamulo lomveka, lopachikidwa pakhomo la chipinda chochilira m'zilankhulo za anthu a m'deralo, lakuti mayi ali ndi ufulu wolowa ndi munthu mmodzi. Uike m'bajeti ya chipatala chilichonse ndalama za makatani kapena zipupa zogawa mabedi ndi mpando wa mperekezi, ndipo zipinda zatsopano zisamangidwenso ngati holo. Uphatikize maphunziro a aperekezi m'ndondomeko ya sikelo ndi m'sukulu za anamwino. Pomaliza, uonjezere mzere umodzi m'kaundula wa chipinda chochilira wofunsa ngati mayi anali ndi mperekezi, chifukwa zimene sizilembedwa m'kaundula akuluakulu a kuboma sazifunsa akabwera kudzayendera.

Maboma anapempha amayi kuti asiye nyumba zawo ndi kubwera kuchipatala, mafumu analipiritsa amene anakana, ndipo amayi anamvera. Mbali yotsala ya panganoli ili m'manja mwa zipatala: kuonetsetsa kuti mayi amene wayenda mtunda wautali kudzachira m'manja mwa akatswiri asapezeke ali yekha pa ola limene akufunitsitsa munthu pambali pake.